Abambo akukana laser ya kuchipatala, mwana akusewera ndi ya pamsika: yoopsa ndi iti?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Santhe, m'boma la Kasungu:

"Bambo anga akhala akudwala shuga kwa zaka zambiri, ndipo chaka chino maso ayamba kuchita chidima. Kuchipatala cha boma anatitumiza ku Lilongwe, ndipo adokotala atawayeza anati mitsempha ya kumbuyo kwa maso yawonongeka, pakufunika laser. Madalawo atangomva zoti akawatentha m'diso anakanitsitsa, ati bola kuona mwachimbuuzi kusiyana ndi kukapsa maso. Mlamu wanga wawonjezera mantha, akuti anaonera pafoni laser ikudula chitsulo chokhuthala. Chondizunguza mutu n'chakuti mwana wanga wa sitandade 5 ali ndi kalaser kobiriwira komwe anagula pamsika, amasewera nako usiku ndi anzake, koma sikanapserezepo chilichonse. Kodi laser n'chiyani kwenikweni? Tiwalimbikitse bambo apite kapena tiwasiye?"

Yankho:

Zikomo mayi polemba. Ndiyambe ndi chigamulo changa, kuti ngakhale foni itazima musanamalize kuwerenga mukhale mutamva mutu wake: alimbikitseni abambo apite, ndipo asazengereze. Koma kalaser ka mwanako mukalande lero lomwe. Pa ziwirizi, yondidetsa nkhawa ine ndi ya pamsikayo.

Ine si dokotala wa maso. Ntchito yanga kwa zaka zambiri yakhala yokonza ndi kuyeza makina a m'zipatala, kuphatikizapo a maso, choncho zam'kati mwa laser ndazigwira ndi manja. Za diso la abambo anu mwini nkhani ndi dokotala amene analiona. Changa n'kukuthandizani kuti mukamakambirana ndi madala mukhale ndi zonena zomveka, osati kungoti "adokotala atero".

Mlamu wanu sananame. Ilipodi laser yodula chitsulo. Iliponso ina yomwe imawerenga timizere takuda pa botolo la mafuta ophikira m'sitolo zikuluzikulu, ina ili m'wailesi ya ma CD, ina mu pulinta ya ku ofesi, ina ikunyamula mauthenga a WhatsApp m'mawaya a fibre. Kapangidwe ka kuwala kwake n'kamodzi. Zimasiyana pa mphamvu, pa kukula kwa malo omwe mphamvuyo yaunjikidwa, pa nthawi yomwe yakhalapo, ndi pa mtundu wa kuwalako.

Kuwala kulikonse, kaya kwa dzuwa, kwa koloboyi kapena kwa babu, kumachokera m'maatomu, tizinthu tosaoneka ndi maso tomwe timapanga chilichonse chogwirika. Mu atomu muli maelekitironi, ndipo elekitironi ili ndi malo ake oikika omwe ingakhalepo, ena a mphamvu yochepa, ena a mphamvu yambiri. Pakati pa malowa singaime. Ikalandira mphamvu, kaya kuchokera ku moto, ku magetsi kapena ku kuwala kwina, imadumphira pamwamba. Sikhalitsapo. Imagwanso, ndipo mphamvu ija imaitaya ngati kachidutswa ka kuwala komwe asayansi amakatcha fotoni. Mtundu wa kuwalako umatengera kukula kwa mpata womwe elekitironi yagwa. Mpata waukulu umatulutsa kuwala kwa buluu, wocheperapo kobiriwira, wocheperanso kofiira, ndipo ukachepa kuposa apo kumatuluka infrared, kuwala komwe kulipo ndithu koma maso athu sakuona.

M'babu kapena m'lawi la moto, atomu iliyonse imachita zimenezi payokha, panthawi yake. Mafotoni amatuluka mitundu yosakanikirana, kulowera mbali zonse. Utawaleza ndiwo umboni wake: madontho a mvula amangolekanitsa mitundu yomwe inali kale m'kuwala kwa dzuwa.

Mu 1917 Albert Einstein anasonyeza mwa masamu kuti pali njira ina. Atomu yomwe yakwezedwa kale, ikadutsidwa ndi fotoni yoyenerana ndi mpata wake, sidikiranso nthawi yake. Imagwa pomwepo n'kutulutsa fotoni yachiwiri yofanana ndendende ndi yoyamba: mtundu womwewo, njira yomweyo, mafunde awo akukwera ndi kutsika limodzi. Imodzi yabala ziwiri. Ziwirizo zikadutsa maatomu ena okwezedwa zikhala zinayi, kenako zisanu ndi zitatu, mpaka miyandamiyanda, zonse zofanana.

Inu a ku Kasungu mganda mumaudziwa. Kuwala kwa babu kuli ngati anthu pa tsiku la msika, aliyense ndi chovala chake ndi ulendo wake. Kwa laser kuli ngati mizere ya ovina mganda: chovala chimodzi, nkhope kuloza kumodzi, mapazi kutsika nthawi imodzi moti fumbi limadzuka kamodzi. Anthu ake ndi omwewo a m'mudzimo. Chasintha ndi dongosolo basi.

Nanga n'chifukwa chiyani panadutsa zaka 43 laser isanapangidwe? Vuto linali lakuti atomu yomwe ili pansi imameza fotoni m'malo moichulukitsa, ndipo mwachibadwa maatomu ambiri amakhala pansi. Kuti kuwala kuchuluke, okwezedwa ayenera kuposa omwe ali pansi, ndipo zimenezi sizichitika zokha. Pamafunika chinthu chomwe maelekitironi ake amachedwerako pang'ono pamwamba, komanso njira yopoperamo mphamvu mofulumira. Charles Townes ndi anzake ku Columbia University, ku New York, anakwanitsa izi mu 1954 koma ndi mafunde a microwave, osati kuwala kooneka. Ku Moscow, Nikolay Basov ndi Aleksandr Prokhorov anali pa ntchito yomweyo, ndipo atatuwa anagawana mphoto ya Nobel mu 1964. Woyamba kuyatsa laser yeniyeni anali Theodore Maiman, pa 16 May 1960, ku Hughes Research Laboratories ku Malibu, California.

Makina a Maiman anali okwana m'dzanja. Pakati panali kamwala kofiirira kotchedwa ruby, kafupi kuposa chala, nsonga zake ziwiri zosalazidwa bwino n'kupakidwa siliva kuti zizibweza kuwala. Mozungulira kamwalako munali nyali yopiringizika ya mtundu womwe ojambula zithunzi ankathwanimitsa. Nyaliyo ikathwanima, maatomu a chromium a mu ruby amakwezedwa ambiri nthawi imodzi. Angapo amagwa okha n'kutulutsa mafotoni olowera paliponse, ndipo ambiri mwa amenewa amathawira m'mbali n'kutayika. Koma omwe apezeka akuyenda molunjika m'litali mwa kamwalako amagunda siliva, kubwerera, kugunda siliva wa mbali inayo, kubwereranso, ulendo uliwonse akugwetsa maatomu ena n'kuchulukirachulukira. Galasi la mbali imodzi limapangidwa dala kuti lizidutsitsa kagawo kochepa. Kagawo kothawako ndiko kamzere ka kuwala komwe timaona. Kamatuluka kowongoka chifukwa kuwala kokhako komwe kunayenda mowongoka pakati pa magalasi awiriwo ndiko kunapeza mpata wochuluka.

Pafupifupi laser iliyonse mpaka lero ili ndi zitatu zomwezo: chinthu chotulutsa kuwala, chopoperamo mphamvu, ndi magalasi awiri oyang'anizana. Chinthu cha pakaticho ndicho chimasankha mtundu, womwe timauyeza ndi kutalika kwa funde lake m'mananomita. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita, ndipo maso athu amaona kuyambira cha m'ma 400 kufika cha m'ma 700. Ruby imapereka 694, kufiira kwakuda. Ya mpweya wa carbon dioxide, yomwe Kumar Patel anapanga ku Bell Labs mu 1964, imapereka 10,600, yosaoneka n'komwe, ndipo yadula zitsulo, matabwa ndi nsalu m'mafakitale kwa zaka zambiri. Yomwe mlamu wanu anaonera mwina inali imeneyi kapena ya mtundu wina wotchedwa fibre, ndipo zoterezi zimafika mawati masauzande.

Malaser ambiri omwe ali m'nyumba zathu alibe ruby kapena chubu cha mpweya. Ndi ma diode, abale ake a timababu ta LED ta m'tochi. Yoyamba inapangidwa mu 1962 ndi gulu la Robert Hall ku General Electric. Kachidutswa kotulutsa kuwalako n'kochepa ngati kamchenga kamodzi, ndipo m'mbali mwake mosalala ndimo mumabweza kuwala. Pali chinthu chomwe ndimakonda kuonetsa achinyamata ophunzira ntchito. Timaloza diode pa pepala loyera, n'kumawonjezera magetsi pang'onopang'ono. Poyamba pamaoneka kuwala kofiira kofooka, kobalalika, kosasiyana ndi kwa LED wamba. Ukangopyola mlingo wina, kadontho kakuthwa kamatulukira mwadzidzidzi pakati pa pepalapo, kothwanimathwanima ngati mwawazidwa timchenga. Pamenepo ndi pomwe kuchulukana kwa mafotoni kwaposa kutayika kwake. Ukabweza magetsi pang'ono, kadontho kamazimiririka.

Dziwaninso kuti laser sipanga mphamvu kuchokera pachabe. Imatulutsa yochepa kuposa yomwe yadya, yotsalayo imasanduka kutentha, n'chifukwa chake makina akuluakulu amakhala ndi mafani kapena mapaipi a madzi. Luso lake ndi kuunjika. Babu la mawati 100 limamwaza kuwala m'chipinda chonse. Mutaima mita imodzi kuchokera pa babulo, zolowa m'diso lanu sizikwana gawo limodzi mwa magawo 300,000. Kalaser ka miliwati imodzi, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 1,000 a wati, kali ndi mphamvu yochepetsetsa poyerekeza ndi babulo, koma kamzere kake n'kopyapyala moti konse kangathe kulowa pa mwana wa diso.

Ndiye diso lenilenilo limawonjezera vuto. Kutsogolo kwake kuli lenzi yomwe ntchito yake n'kusonkhanitsa kuwala pa retina, kansalu kopyapyala ka kumbuyo kwa diso komwe kamalandira zithunzi. Ana asukulu amayatsa pepala padzuwa ndi galasi lokulitsa zinthu, ndipo lenzi ya diso imachita zomwezo. Popeza kuwala kwa laser kumabwera kolunjika, diso limakupanikiza pa kadontho kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo mphamvu pa kadonthopo imakula mpaka kuwirikiza pafupifupi ka 100,000. N'chifukwa chake kalaser komwe pa chikhatho simukamva n'komwe kangathe kupsereza retina. Kuti sikanayatsepo udzu kapena pepala sizikutiuza chilichonse za diso.

Pa laser iliyonse yopangidwa mwalamulo pamakhala kachikwangwani, kawirikawiri kachikasu, kosonyeza gulu lake. Class 1 ndi yotetezeka, monga yotsekeredwa m'kati mwa pulinta kapena DVD. Class 2 sipitirira miliwati imodzi, ndipo chitetezo chake n'chakuti munthu amaphethira kapena kutembenuka pasanathe kota ya sekondi. Class 3R imafika mamiliwati 5. Class 3B imafika 500, ndipo imavulaza munthu asanaphethire n'komwe. Class 4 ndi yoposa pamenepo, yomwe imawotcha khungu ndi kuyatsa moto, ndipo ngakhale kuwala kwake kobwerera pakhoma n'koopsa. Mawu oti "radiation" omwe amalembedwa pa kachikwangwaniko asakuopseni. Akungonena kuwala kotuluka. Si zofanana ndi X-ray, sikutsalira m'thupi, ndipo makina akazima kwatha.

Tsoka lake n'lakuti zolembedwa pa timalaser totchipa sizodalirika. Mu 2013 bungwe loona za miyezo la ku America, NIST, linayeza timalaser 122 ndipo linapeza kuti pafupifupi 9 mwa 10 tobiriwira sitinkatsatira malamulo a chitetezo. Uko ndi ku America. Za pa lumbe la wavenda, zopanda dzina la kampani kapena adiresi, ganizirani nokha. Ineyo ndikapeza kalaser kotere ndimakonda kukaika pa mita yanga yoyezera, ndipo si zachilendo kuona kolembedwa mamiliwati 5 kakutulutsa makumi angapo.

Tobiriwira tili ndi msampha winanso. Tambiri totchipa sitipanga kuwala kobiriwira mwachindunji. M'kati muli diode ya infrared ya mananomita 808, yomwe imapopera mphamvu m'kamwala kotulutsa 1,064, infrared yomweyo, kenako kamwala kachiwiri kamadula funde pakati n'kukhala 532, kubiriwira komwe mumaona. Opanga osamala amaika sefa yotchinga infrared yotsala. Ofuna kutchipitsa amaisiya. Ndiye kalaser kakagwa pansi kapena kakazizidwa m'miyezi ya June ndi July, timiyalato timasokonekera, kubiriwira kumafooka, koma infrared ikutulukabe. Mwana akaona kuti kafooka amatani? Amakasuzumira kutsogolo kuti aone chavuta. Diso siliphethira chifukwa silikuona chowala kwambiri, ndipo retina payokha simva ululu.

Choncho kalandeni, chotsani mabatire, ndipo musakapatse mwana wina. Mukatero muyeseni mwanayo modekha, osamukalipira, chifukwa mwana woopa chikwapu amabisa. Atseke diso limodzi ndi dzanja, awerenge buku la kusukulu, ayang'ane nkhope yanu ndi mzere wowongoka wa chitseko, kenako asinthe diso. Diso limodzi likavulala linzake limabisa vutolo, ndiye kuyesa limodzilimodzi n'kofunika. Akanena kuti pakati pali kadontho kakuda kapena kachimbuuzi, zilembo zina zikusowa, kapena mzere ukuoneka wokhota, pitani naye ku chipinda cha maso pa chipatala cha boma cha Kasungu mwamsanga, mutanyamula kalaserko kuti akaone. Ena amapezako bwino pakapita masabata kapena miyezi, ena chipsera chimakhala mpaka kale. Mkaka wa m'mawere, madzi a masamba kapena mankhwala odontheza ogula pa golosale sizifika kumbuyo kwa diso, ndipo zina zimangoyambitsa zilonda. Auzeninso makolo a anzake aja. Ana amakonda kuloza njinga zamoto ndi magalimoto usiku, ndipo woyendetsa akathobwa m'maso masekondi ochepa okha ngozi yachitika kale.

Tsopano za abambo. Musawanamize kuti sakawotchedwa, chifukwa adzazindikira okha ndipo sadzabwereranso ulendo wachiwiri. Akawotchedwadi, koma timadontho tating'ono, pamalo osankhidwa, ndi cholinga.

Shuga akakhalitsa m'thupi amawononga timitsempha ta magazi ta mu retina. Tina timadontha, tina timatsekeka. Mbali za retina zomwe zasowa magazi zimatulutsa mankhwala ena ake oitanitsa mitsempha yatsopano, ndipo imameradi, koma imamera yofooka ndi pamalo olakwika. Imaphulika n'kudzaza magazi m'kati mwa diso, kapena imasanduka zipsera zomwe zimakoka retina mpaka kuimatula. Apa ndi pomwe munthu amachita khungu. Retina ili ndi kachigawo kapakati kotchedwa macula, komwe timawerengera, kuzindikira nkhope, kulowetsa ulusi pa singano, kusankha fodya. Kotsalako, kozungulira m'mbali, kumatithandiza kuona zam'mbali ndi zausiku. Dokotala amawotcha timadontho tambirimbiri m'mbalimo, osakhudza pakati. Mbali zowotchedwazo zimasiya kufuna magazi ambiri, kuitanitsa kuja kumachepa, ndipo mitsempha yoipa ija imafota. Kafukufuku wamkulu wa ku America wa m'zaka za m'ma 1970, wotchedwa Diabetic Retinopathy Study, anapeza kuti chithandizochi chimachepetsa ndi theka kapena kuposa chiopsezo chotaya maso kwambiri mwa anthu omwe matendawa afika poipa.

Nzeru yowotcha retina ndi kuwala ndi yakale kuposa laser yomwe. Dokotala wa ku Germany, Gerd Meyer-Schwickerath, anachita zimenezi ku Hamburg mu 1949 pogwiritsa ntchito dzuwa lenileni, kulikoka ndi magalasi kuchokera padenga la chipatala. Kukachita mitambo odwala ankadikira. Laser inabweretsa kulondola komwe dzuwa silikanapereka.

Laser ya adokotala kawirikawiri imakhala yobiriwira, ya mananomita 532, mtundu womwewo wa kalaser ka mwana wanu, ndipo mphamvu yake imakhala mamiliwati mazana angapo. Yobiriwira anaisankha chifukwa imadutsa bwinobwino mbali zoonekera za kutsogolo kwa diso osazitenthetsa, n'kukamezedwa ndi kansalu kakuda komwe kali pansi pa retina. Kadontho kalikonse kamakhala kuyambira gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita kufika theka la milimita, ndipo kuwala kumayaka gawo limodzi mwa khumi la sekondi kapena kuchepera apo. Dokotala amakhala akuona retina yokulitsidwa pa makina, ndi kadontho kofiira kofooka komuonetsa pomwe ati awombe, ndipo laser siyaka mpaka atapondereza phazi. Amayamba ndi mphamvu yochepa, n'kumakweza mpaka ataona kadontho kotuwa pang'ono. Ntchito ya anthu ngati ine n'kuonetsetsa kuti nambala yolembedwa pa makina ndiyo ikutulukadi kutsogolo. Kalaser ka pamsika palibe anakayeza, ndipo mwana akakasuzumira kuwala kumagwera pa macula penipeni, pomwe dokotala amapewa ndi mtima wonse.

Ndafotokoza chithandizo chomwe ndikuganiza kuti ndicho anakuuzani, potengera kalata yanu. Koma malaser a maso alipo angapo, ndiye mukafunse dzina lake ndi cholinga chake. Ilipo yotseka timitsempha todontha pafupi ndi macula. Ilipo ya glaucoma, matenda omwe madzi a m'diso amapanikiza diso m'kati, yothandiza madziwo kutuluka. Ilipo ya YAG, yoboola kansalu komwe nthawi zina kamachita chifunga munthu atachotsedwa kale ng'ala. Ng'ala yeniyeniyo, ngakhale anthu ambiri amati "anandichotsa ndi laser", m'zipatala zathu monga Nkhoma kapena chipatala cha maso cha Lions ku Kamuzu Central imachotsedwa ndi opaleshoni, n'kuikamo lenzi ina. Macula ikatupa, adokotala angathenso kunena za jakisoni wa m'diso, payekha kapena pamodzi ndi laser.

Tsiku lopita adye monga mwa masiku onse, amwe mankhwala awo a shuga ndi a BP, ndipo munyamule kachakudya, chifukwa pamzere pamachedwa ndipo shuga angatsike. Musaiwale kabuku ka kuchipatala, chipewa kapena magalasi a dzuwa, ndi munthu wowaperekeza. Adzawadontheza mankhwala okulitsa mwana wa diso, omwe amachititsa chimbuuzi kwa maola angapo, kenako ena ochititsa dzanzi. Sagonekedwa tulo, sadulidwa paliponse. Amakhala pampando, chibwano ndi chipumi atatsamiritsa pa makina, ndipo dokotala amagunditsa kagalasi kopaka mafuta oterera pa diso kuti lisaphethire. Amaona kuthwanima kobiriwira motsatizana. Ena samva kanthu, ena amamva kulasa kapena kuwawa kwa m'kati, kochokera ku mitsempha ya pansi pa retina. Akamva kuwawa anene ndi pakamwa osagwedeza mutu, dokotala angathe kuchepetsa mphamvu kapena kupumira. Kawirikawiri zimatha pasanathe theka la ola ndipo amabwerera kunyumba tsiku lomwelo, koma njinga asapalase. Mutu ukamawawa madzulo, panado amakwanira.

Timadontho timafunika toposa 1,000 pa diso limodzi, nthawi zambiri mpaka cha m'ma 2,000, ndiye amagawa maulendo awiri kapena atatu. Apa ndi pomwe mabanja ambiri amagwera. Ulendo woyamba amapita, wachiwiri thiransipoti yavuta kapena ntchito ya kumunda yachuluka, basi nkhani yathera pomwepo. Chithandizo chatheka sichiteteza mokwanira. Khalani pansi pachibale muwerengere ndalama ya maulendo onse musanayambe. Tenganinso nambala ya foni ya kuchipinda cha maso kuti muziyamba mwafunsa musanakwere minibasi, chifukwa makina amawonongeka kulikonse ndipo zipangizo zake zimachokera kunja.

Awuzeninso abambo mtengo wake weniweni, womwe si wa ndalama. Laser imeneyi sibweza maso omwe atayika kale, ntchito yake n'kusunga omwe atsala. Masiku oyamba angaone mwachimbuuzi kuposa kale. Kuona zam'mbali ndi kuona usiku kungachepe, mwa ena mpaka kalekale. Nthawi zina macula imatupa pambuyo pake n'kufunika chithandizo china. Munthu amene sanauzidwe izi ndi amene amabwerera kumudzi n'kumalalikira kuti laser inamuwononga maso, pomwe shuga anali atafika kale patali. Ine ndikaika pa sikelo, kuyenda ndi tochi madzulo n'kopepuka kusiyana ndi kugwidwa dzanja masana.

Chifukwa chomwe ndikuti asazengereze n'chokhudza kuwala komweko. Laser imafunika njira yoyera kuti ifike pa retina. Mitsempha ija ikaphulika diso n'kudzaza magazi, kuwala sikudutsa, dokotala saonanso powomba, ndipo chotsala ndi kudikira kapena opaleshoni yaikulu ya m'kati mwa diso, yomwe akatswiri ake ndi ochepa. Ng'ala ikakhwima imatchinganso chimodzimodzi. Ngati madala akukanabe, apempheni adokotala kapena anesi kuti awaonetse makinawo, kapena acheze ndi wina pamzerepo amene anachitidwa kale. Mawu a mnzawo wa msinkhu umodzi amalowa msanga kuposa a mwana wawo.

Pali malonda ena omwe ndikufuna muwakane. Mudzakumana ndi ogulitsa timakina tovala pamkono ngati wotchi, tina tolowetsa m'mphuno, toyaka mofiira, omwe amati ndi laser yotsuka magazi ndi kuchiza shuga. Kuwala kofiira sikuchotsa shuga m'magazi. Choopsa chake chachikulu si kuwalako ayi, koma kuti wodwala amasiya mankhwala poganiza kuti wapeza chidule. Ngakhale laser ya adokotala sichiza shuga. Shuga ndi BP zikapanda kugwiridwa bwino, timitsempha timapitiriza kuwonongeka ndipo ntchito ya laser ija imapita padera, choncho ku kiliniki ya shuga asadumphe.

Kaya asanalandire chithandizo kapena atalandira, pali zizindikiro zosafunika kudikira tsiku lomwe analemberedwa: timadontho takuda kapena tiulusi tambiri toyandama mwadzidzidzi, kuona ngati utsi kapena kufiira m'kati mwa diso, kung'anima ngati mphezi, mthunzi wotsika ngati katani kuchokera mbali imodzi, kapena diso lofiira lopweteka kwambiri limodzi ndi mutu ndi mseru. Zikatero pitani kuchipatala cha boma tsiku lomwelo, mukanene kuti ndi wodwala shuga yemwe akuonedwa ndi a maso ku Lilongwe, kuti akutumizeni msanga. Ndipo ngati pabanjapo pali wina wa shuga amene akuona bwinobwino, nayenso azikayezetsa kumbuyo kwa maso kamodzi pachaka, kuyeza kodonthezedwa mankhwala kuja, osati kongowerenga zilembo pakhoma, chifukwa matendawa amayamba munthu asakumva kapena kuona chilichonse chachilendo.